Ndalama Yofiira M'mbale ya Pasaka

Guangzhou, China
Lolemba, 9 Meyi 2011

Okondedwa Achemwali Feliya,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu, wa alamu ndi wa ana onse. Kodi msana wa Amayi uja ukuwalola kuwerama masiku ano? Nanga chifuwa cha Goodness chinasiya? Ine kuno thupi lilibe vuto, ndikudya ndipo kuntchito ndikupita. Koma ndikati ndili bwino ndiye kuti ndanama, chifukwa chilankhulireni nanu dzulo mtima wanga sunabwerere m'malo mwake. Ndikuopa za Amayi, ndikuopa Lamulungu likubwerali.

Kalatayi ndapatsira mayi Angelina, aja ali ndi shopu ya nsalu pa boma pa Kasungu. Anabwera kuno kudzaoda katundu ndipo akukwera ndege mawa. Andilonjeza kuti likamafika Lachinayi ikhala ili m'manja mwa alamu. Muiwerengere m'nyumba chitseko chili chotseka, osati pakhonde pamene aliyense wodutsa amafuna kumva kuti a ku China akuti bwanji.

Mwina mukudabwa kuti bwanji osangoimba foni. Achemwali, musakwiye, koma inu foni simuitha. Chilichonse chimene munthu wanena mumachibwereza mokuwa ngati mukuitana wina kutsidya kwa dambo, ndipo netiweki yanu imagwira pagolosale pokha, pamene amuna a bawo amaswera tsiku lonse makutu ali tcheru. Dzulo munatsala pang'ono kutchula mokuwa dzina la Amayi ndi ndalama ija mpweya umodzi. Sikuti mayuniti anatha ayi, ndinadula dala, thukuta lili kamukamu. Uthenga wolemba nawonso sindingayerekeze, poti foni yanu imatandala kwa otchaja, ndipo amenewo amawerenga za eni ake ngati nyuzi.

Ndibwereze kaye zimene munandiuza, kuti ngati pena ndinamva molakwa mudziwe. Mwati pa Pasaka Amayi anatenga ndalama ya kuno imene ndinawatumizira mu Malichi ija, anaipinda bwinobwino, n'kukaiponya m'mbale ya chopereka osauza munthu. Akulu a mpingo anapeza m'mbalemo pepala lofiira, la nkhope yachilendo ndi zilembo zosawerengeka. A Kalekeni, msungichuma wathu, ndi amene anayamba kuligwira, ndipo anapita nalo kwawo kukalisunga. Lachitatu lake chigafa chawo chinapsa ndi fodya yense, kenaka chala chawo chinatupa. Basi, pamenepo anthu agwirizana kuti ndi ndalama ya satana, wina waiponya dala kuti agwetse mpingo.

Mwatinso mlandu wagwera mayi Fainala, akazi a tenanti uja wochokera ku Phalombe, chifukwa ndi obwera ndipo ndi amene amasesa m'tchalitchi. Ana awo akuwathamangitsa pamjigo, denga lawo aligenda miyala, ndipo mwini esiteti wanena kuti asamuke fodya asanapite ku okushoni. Akulu a mpingo alengeza kuti Lamulungu lino mwini ndalama aimirire yekha pamaso pa anthu, apo ayi anyamata akuti adziwa okha chochita. Abusa kulibe, ulendo wawo wobwera kwathu ndi wa mwezi wamawa. Ndipo Amayi anena kuti aimirira, chifukwa sangadye mgonero wina akulira mlandu wawo.

Achemwali, ndili ndi mantha, ndipo sindikuchita manyazi kunena. Inu munali kuchipatala ndi mwana chaka chija anthu anapita kwa agogo ake a Thoko. Ine ndinaliko. Nkhani inayamba chimodzimodzi, mwana wadwala, wina walota, wina waloza chala. Amene anayatsa udzu wa denga lija sanali achifwamba ochokera kutali, anali anzanga amene tinkaimba nawo kwaya, mmodzi atavala tayi yomwe ija ya Lamulungu. Gogo uja anatuluka ndi nsalu imodzi, mutu uli magazi okhaokha, ndipo sanathe miyezi iwiri. Ndikatseka maso ndikumaona Amayi ataima pakhomo paja.

Komanso musaiwale kuti pa Amayi anthu anayamba kale kung'ung'udza. Chaka chatha dzina lawo analichotsa pa makuponi ati mwana wawo ali kunja. Chabwino, sitinakangane ndi munthu, ndinatumiza yogulira feteleza wa kusitolo ndipo chimanga chinachita bwino. Ndiye si munandiuza nokha kuti anthu podutsa m'mbali mwa munda ankati chimanga chotere popanda kuponi sichimera chokha? Udzu unauma kalekale kumeneko, chatsala ndi machesi.

Za a Kalekeni zokha zikundipsetsa mtima, mwinanso ndikanaseka zikanakhala za kwa ena. Ndani pa Wimbe sadziwa kuti bambo amenewo amasuta chingambwe mobisala kuseri kwa chigafa, poopa kuti akulu anzawo angawaone? Fodya wouma, denga laudzu, mphepo ya mu Epulo, ndiye ukaponye kachitsa ka ndudu pansi, ukufuna satana achite kuvutikanso kubwera? Chalacho nacho, munthu wasoka fodya miyezi iwiri ndi singano ya dzimbiri, chitupe lero ndiye akuti ndalama. Aaa, koma anthu! Koma izi ndingonena kwa inu, pagulu sizingatithandize, zingangowonjezera ukali.

Tsono ndikuuzeni za ndalamayo, kuti inuyo poyamba mtima ukhale pansi. Dzina lake ndi yuwani, ngakhale pamsika eni ake amangoti kwayi. Ndi ndalama ya boma, ya wina aliyense, yomwe ndimalipira basi ndi kugulira kabichi. Ilipo yobiriwira, ilipo yamtambo, ina yofiirira ngati dothi la katondo, ndipo yofiira ija ndiyo yaikulu pa zonse. Nkhope ili pamenepo ndi ya mtsogoleri wawo wakale amene anamwalira ife tisanabadwe, ndipo ili pa ndalama zonse, monga ife tilili ndi a Chilembwe. Mayi amene amandigulitsa nsomba amailandira ndi manja onyowa, amakanda ndi chikhadabo pa kolala ya chithunzicho kuti amve ngati si yachinyengo, n'kuiponya m'chitini pamodzi ndi mamba. Chala chake sichinatupepo. Ndipo ukulu wake musaumve ngati chuma, thumba limodzi la feteleza wopanda kuponi siingagule.

Mmene inandipezera ndi motere. Anthu a kuno ali ndi chaka chawo chatsopano, chosiyana ndi chathu, ndipo ulendo uno chinali mu Febuluwale. Tsiku lotsegulira ntchito bwana amaima pakhomo n'kumapatsa wantchito aliyense envelopu yofiira, m'kati muli ndalama yatsopano yosapindika. Kuno mtundu wofiira ndi wa chimwemwe, mkwatibwi amavala zofiira, pamaliro ndiye amavala zoyera. Bwana wathu ndi mayi, mwini nyumba yosungiramo katundu momwe timalongedza makatoni a amalonda a kwathu m'makontena. Anandipatsa yanga ndi manja awiri, akumwetulira, n'kundiuza kuti imeneyi ndi ya mwayi, imaitana chuma m'nyumba, ena amagona nayo pansi pa pilo. Kunena zoona ndinasangalala ngati mwana. Chibwerereni kuno palibe anali atandipatsapo kanthu ndi manja awiri, ndiye ndinati chinthu chokongola chotere chikhale cha Amayi.

Apa ndiye mumvetsetse, Achemwali, chifukwa nkhani yagona pamenepa. M'envelopumo sindinaike ndalama yokha. Ndinang'amba pepala m'kope n'kulembapo mawu angapo, mwanthabwala, mmene ndimachezera ndi Amayi. Inu simunakaone kakalatako, poti phukusi lija linafikira kwa iwo ndipo anawerenga okha. Dzulo mutanena kuti Amayi akuti alibe nkhawa chifukwa ali ndi umboni, envelopu ndi kakalata ka mwana wawo, ndipo akapereka kwa akulu a mpingo kuti awerengere anthu, ndinangokhala pansi pa katoni ya nsapato za eni ake.

Mawu ake ndikuwakumbukira onse. Ndinalemba kuti ndalama imeneyi si yogulira zinthu, ndi ya mwayi. Ndinalemba kuti andipatsa ndi akuluakulu anga a kuno nditawagwirira bwino ntchito yawo. Ndinalemba kuti aisunge pobisika, pansi pa pilo kapena m'Baibulo, ndipo asauze munthu wina aliyense. Apa ndinkanena za amalume, amene akanangoimva akanabwera kudzaipempha kuti akasinthe ku banki. Ndipo pomaliza ndinalemba kuti imaitana chuma m'nyumba, chaka chino aona okha kusintha. M'munsi mwake ndinasayina dzina langa lonse, mokhotetsa bwino ngati kalaliki.

Tsopano tawamveni mawu amenewo ndi makutu a kwathu. Taganizani a Kalekeni ataima kutsogolo, chala chili m'bandeji, akuwerenga mmodzimmodzi. Si yogulira zinthu. Akuluakulu anga. Musauze munthu. Imaitana chuma. Achemwali, ngakhale ineyo ndikanakhala pabenchi ndikumva za mwana wa wina, ndikanati amenewa ndi malangizo a chizimba, mnyamatayu anakhwima. Palibe amene adzadikire kumva za chaka chatsopano cha ku China. Akadzafika pa mawu oti chuma, wina kumbuyo adzakumbutsa za chimanga chija, ndipo anthu adzatuluka m'tchalitchi akudziwa nyumba yolowera. Chitsiru ndine. Zaka zitatu zokha kunja ndinaiwala mmene kwathu timamvera zinthu.

Amayi zimenezi sakuziona, mukuwadziwa. Kwa iwo dzanja la mwana wawo silingalembe choipa, ndipo akuganiza kuti anthu akangomva kuti walemba ndi Levison onse adzati ooo, n'kuyamba kuseka. Ndikudziwanso chimene anaponyera ndalamayo m'mbale. Munthu uja chinthu chokongola sakhala nacho, nkhuku yonenepa imapita kwa abusa, dzungu lalikulu limapita ku masika. Anaona kuti chabwino koposa chimene ali nacho ndi chimenecho, ndiye anati apereke kwa Mulungu pothokoza kuti mwana wawo ali moyo kudziko la eni. Ndikaganiza zimenezo misozi imalengeza, ndipo ndimadzida.

Pali mawu ena amene ndinanena dzulo ndipo ndikufuna kuwabweza. Ndinati muwauze Amayi akhale chete, a Fainala ndi obwera, apita kwawo nkhani itha. Ndachita nawo manyazi mawu amenewo. Obwera ndine kuno. M'basi mpando wa pambali panga umakhala wopanda munthu ngakhale ena ataimirira. Mwezi watha foni ya wina itasowa kuntchito, chikwama choyamba kusecha chinali changa, ndipo itapezeka m'thumba la mwini wake palibe anapepesa. Ndiye ine ndi amene ndinene kuti mayi wa ana anayi achoke chimanjamanja atakhetsa thukuta chaka chonse m'munda wa fodya, chifukwa cha envelopu yanga? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amayi aimirire, akuchita bwino, ndipo ngakhale tikanawamanga ndi chingwe akanapita ndithu. Koma asaimirire ndi pepala limene lija m'manja.

Pempho langa ndi limodzi lokha. Kakalatako pamodzi ndi envelopu yake muzichotse m'Baibulo la Amayi lisanafike Lamulungu. Muyang'ane m'kathumba kaja anasokerera m'kati mwa chikuto cha chitenje, momwe amasungamo khadi la ubatizo. Mukapanda kuzipeza mmenemo, tsegulani pa Masalimo. Lachinayi musayese, amapita nalo kumapemphero a amayi ndipo angazindikire msanga n'kuyamba kufunsa mudzi wonse. Dikirani Loweruka m'mawa akatsikira kudimba. Mulowe nokha, musatume mwana, ana pakamwa sipatsekeka.

Mukazipeza muzing'ambe tizidutswatizidutswa n'kukaponya m'chimbudzi. Musawotche. Utsi pakhomo pa Amayi sabata ino anthu aufunsa, ndipo pepala lofiira silipsa lonse, kachidutswa kamodzi kakatsala paphulusa ndiye tadziwonjezera mlandu. Palinso china, mundiseke ngati mukufuna. Mwezi wathawu ndinaona anthu a kuno akuwotcha ndalama zamapepala m'mbali mwa msewu, osati zenizeni, zongosindikiza, ati akutumizira abale awo amene anamwalira. Ine zimenezo sindizikhulupirira, koma chionereni sindikufuna kuti chinthu chofiira cholembedwa dzina la Amayi chilowe pamoto.

Ndikudziwa kuti ndakusenzetsani katundu wolemera. Inu simunatengepo ngakhale singano ya Amayi osapempha, ndiye lero mlongo wanu akukutumani kukapisa m'Baibulo lawo. Mundikhululukire. Ndinu oyamba kubadwa, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Alamu muwauze zonse, ndi munthu wosunga pakamwa, koma wina aliyense ayi.

M'kalata muno mupezamo pepala lachiwiri. Limenelo ndalemba mosamala, ndalibwereza kanayi, ndipo likungonena kuti ndalamayo ndi ya boma la kuno, inali mphatso ya kuntchito, ndinatumiza ndine, ndipo mayi Fainala sakudziwapo kanthu. Limenelo alamu akhoza kuwerenga pamaso pa mpingo Amayi akamaliza kulankhula. Mayi Angelina nawonso ndawachonderera kuti adzafike Lamulungulo. Ali nazo ndalama za kuno m'chikwama, za mitundu yonse, zina zakuda ndi litsiro la m'manja, ndipo iwo anthu amawadziwa, akazi a akulu a mpingo amagula nsalu kwa iwo. Avomera, koma ati zidalira mafuta, poti akumva kuti kumeneko galimoto zikumagona pamzere masiku atatu. Ndiye musawerengere kwambiri. Akafika tithokoze, akapanda kufika mudzakhala muli inu, alamu ndi pakamwa pa Amayi.

Tsikulo Amayi musawasiye akhale okha kutsogolo kuja amakonda. Mukhale nawo pafupi ndi khomo la kumbali, ndipo njinga ya alamu ikhale panja pomwepo, matayala opopa. Mukaona kuti anthu ayamba kuimirira mmodzimmodzi, kapena anyamata akutuluka mapemphero asanathe, musadikire dalitso lomaliza. Amayi asabwerere kunyumba kwawo, alamu apite nawo kwa azakhali ku Kaluluma. Mbuzi, chimanga, malata, zonsezo zisiyeni.

Mukhoza kufunsa kuti nanga mwini mlandu bwanji osabwera kudzayankha yekha. Ndikanatha ndikanakwera ndege imodzi ndi kalatayi. Pasipoti yanga ili ku ofesi ya zolowa ndi kutuluka, sabata yachitatu tsopano, akuwonjezera masiku a viza. Ndikungoyenda ndi kapepala ka risiti m'thumba la malaya, ndipo apolisi masiku ano akuimitsa munthu wakuda aliyense pafupi ndi msika. Lachisanu anandiimitsa kawiri mumsewu umodzi. Mnzanga wa ku Zambia amene tinkagona chipinda chimodzi anamutenga mwezi watha, mpaka lero sitikudziwa kumene ali. Zimenezi Amayi musawauze, ali nazo kale zokwanira.

Zina za kuno ndi zazing'ono. Mvula ikugwa tsiku ndi tsiku koma kukutentha ngati mu Okutobala, zovala sizikuuma, nsapato zachita nkhungu. Dzino lija layambanso. Ntchito ilipo yambiri, kungoti lero ndalemba dzina lolakwika pa makatoni asanu ndi limodzi, katundu wa ku Lusaka ndamulemba Lilongwe, mpaka bwana anandifunsa ngati ndikudwala. Ndinangoti mutu. Ndikanamuuza bwanji kuti envelopu yake yachimwemwe ija ikufuna kuwotchetsa nyumba ya mayi anga?

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti ndikudalira iwo. Moni kwa Goodness ndi ang'ono ake, kwa azakhali ku Kaluluma, kwa amalume ngakhale ndawanena, ndi kwa msuweni wanga Sellah ku Lifupa ngati wabwera kutchuthi. Mayi Fainala sindingawapatse moni pano, koma zikadzatha ndidzawalembera ndekha kupepesa. Lamulungu mukangotuluka m'tchalitchi mundiflashe kawiri ngati zili bwino. Kamodzi kokha ndidziwa kuti muli panjira ya ku Kaluluma. Foni ikhala m'manja mwanga tsiku lonse.

Amayi musawapatse moni wanga tsopano, angadziwe kuti kwabwera kalata. Lamulungu m'mawa adzatsegula Baibulo lawo, adzakutumula masamba onse, adzasesa ndi pansi pa bedi pomwe, ndipo adzalira, chifukwa chilembo changa chilichonse amasunga. Pamenepo mtima wanu usafewe, Achemwali, musawauze kumene kwapita mpaka zonse zitatha. Akadzafunsa pambuyo pake, musadzisenzetse mlandu, mudzanene kuti Levison ndiye anakutumani kuba. Mwina adzakana kundilankhula pafoni chaka chathunthu. Palibe kanthu, andikwiyire ali moyo.

Ndine mlongo wanu wamantha,
Levison